Utsi, BP ndi Kusungulumwa: Zimene Zimafulumizitsa Matenda Oiwalaiwala

[Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono]

MUULUTSI: Lero tikamba za ubongo, makamaka za matenda oiwalaiwala amene achipatala amati dementia. Tiona zimene zimawaitanira pafupi, ndi zimene munthu angachite adakali ndi mphamvu zake.

Choyamba timvane za kuiwala kumene tikunena. Tonse timaiwala. Mumalowa m'nyumba n'kuima, osadziwa chomwe mwadzatenga, kenako chimakubwererani. Kumeneko si kudwala. Koma taganizirani za gogo amene aphika nsima kuyambira ali mtsikana. Lero aima pamoto, mthiko uli m'manja, madzi akuwira, ufa uli pambali, koma sakudziwa chimene chimayamba. Mdzukulu wawo akalowa amufunsa kuti, "Kodi iwe ndiwe mwana wa yani?" Auzidwa, avomera, patapita kanthawi afunsanso. Ndalama azibisa m'thumba la chimanga, mawa lake akulira kuti mpongozi waba. Tsiku lina adzuka mbandakucha, khasu paphewa, akuti akupita kudimba lomwe adasiya kulima zaka 20 zapitazo, njira n'kuwasokonekera. Uku ndiye kudwala. Si ukalamba chabe ayi, chifukwa tili nawo agogo a zaka 90 amene amakufotokozerani mtundu wonse, kuyambira makolo mpaka zidzukulutudzi, osaphonya dzina.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo chaka chilichonse ena pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Oposa 60 mwa odwala 100 aliwonse sali kumayiko olemera. Ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Mtundu wofala kwambiri ndi uja umadziwika ndi dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene mu 1906 anafotokoza zimene anaona mu ubongo wa mayi wina yemwe ankamusamalira ku Frankfurt. Mtundu wina waukulu ndi umene umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikawonongeka. Umenewu muusunge m'mutu, tibwererako.

Kwa zaka zambiri anthu ankati matendawa ndi tsoka basi: wakalamba, kapena unabadwa nawo m'magazi, palibe chochita. Nkhani imene inagwedeza maganizo amenewa inachitikira kuno ku Africa. Mu 1992, madokotala a ku Ibadan m'dziko la Nigeria ndi anzawo a ku Indianapolis ku America, motsogozedwa ndi Hugh Hendrie ndi akatswiri a ku Ibadan monga Adesola Ogunniyi, anayamba kutsatira magulu awiri a okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo. Gulu lina linali la Ayoruba a mumzinda wa Ibadan, lina la anthu akuda a ku Indianapolis, amene ambiri makolo awo anatengedwa kumadzulo kwa Africa pa nthawi ya ukapolo. Onse ankawayeza mofanana. Zotsatira zitatuluka mu 2001, zinaonetsa kuti ku Ibadan chaka chilichonse munthu mmodzi ndi pang'ono mwa 100 ndiye ankayamba kudwala, pamene ku Indianapolis anali oposa atatu.

Ofufuzawo ataona moyo wa anthuwa, anapeza kuti okalamba a ku Ibadan ankadya kwambiri zilazi, mbewu ndi masamba, nyama ndi mafuta pang'ono. Odwala BP ndi shuga anali ochepa, mafuta m'magazi otsika. Ku Indianapolis zinali zosiyana kwambiri. Ine nkhaniyi imandisowetsa mtendere, chifukwa ndikayang'ana m'matauni mwathu ndimaona tikuchoka pa moyo wa ku Ibadan wa nthawi ija, n'kumathamangira wa ku Indianapolis: tchipisi cha pachiwaya masana, chakumwa cha shuga pambali, mandasi m'mawa, ndipo ngakhale ulendo wochoka pamsika kufika kunyumba tikwera kabaza.

[Nyimbo pang'ono]

Ku London kuli gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Gill Livingston, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa padziko lonse n'kulemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Mu 2020 linatchula zinthu 12 zoonjezera chiopsezo zimene munthu kapena dziko lingasinthe. Mu 2024 linaonjezera ziwiri kukhala 14, ndipo linawerengera kuti zinthu zonsezi zitachotsedwa, pafupifupi 45 mwa odwala 100 aliwonse akanapewa matendawa kapena akanawachedwetsa. Sinditchula zonse mondondozana ngati tili m'kalasi. Ndikhalitsa pa chimodzi chimene ndikuona kuti kwathu kuno n'chachikulu kuposa zonse: kuthamanga kwa magazi, BP.

Ubongo ndi kachiwalo kopepuka, sikafika ndi makilogalamu awiri omwe, koma kamadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wabwino ndi mphamvu zonse za m'thupi. Chakudya chimenechi chimafika kudzera m'timitsempha tating'ono kwambiri. Magazi akamathamanga mwamphamvu chaka ndi chaka, timitsemphati timauma, timachepa njira, tina timatsekeka. Kachigawo ka ubongo kamene kamadalira kamtsempha kotsekekako kamafa. Mtsempha waukulu ukatsekeka kapena kuphulika, tonse timaona: munthu wafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa papotoka, timati sitiroko. Koma tating'onoti tikamatsekeka palibe amene amaona, ngakhale mwini wake. Samva kupweteka. Amapita kuntchito, amaseka, amatsogolera mwambo wa maliro. Kuwonongekako kumaunjikana mwakachetechete kuyambira ali ndi zaka 40 kapena 50, ndipo zizindikiro zimadzaoneka ali ndi zaka 70, anthu n'kumati angoyamba chaka chatha.

Mu 2009, Unduna wa Zaumoyo kuno ku Malawi mogwirizana ndi WHO unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko lonse. Unapeza kuti mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankamwa mankhwala aliwonse. Si a m'tauni okha. Ngakhale kumudzi, ngakhale munthu woonda amene amalima tsiku ndi tsiku. Ndimamva anthu akuti, "Ine BP ndikanakhala nayo ndikanamva mutu." Ayi ndithu. Ambiri samva kanthu. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kukulungidwa kalamba kaja pamkono. Nambala zikamafika pa 140 pamwamba kapena 90 pansi mobwerezabwereza, ndiye kuti yakwera, ndipo akatswiri a ku London aja amalangiza kuti kuyambira zaka 40, nambala yapamwamba isamapitirire 130.

Tsono kodi kuitsitsa kumatetezadi ubongo? Umboni wamphamvu unachokera kumidzi ya ku China mu 2025. Anatenga anthu pafupifupi 34,000 a BP yokwera m'midzi 326. M'theka la midziyo, azaumoyo a m'mudzi momwemo, osati madokotala akuluakulu, anaphunzitsidwa kuyeza BP, kupereka mankhwala motsatira ndondomeko, kuyendera anthu ndi kuwakumbutsa za mchere ndi mowa. Patatha zaka zinayi, chiopsezo cha dementia m'midzi imeneyi chinali chotsika ndi 15 pa 100 poyerekeza ndi midzi inayo. Ndikamva zimenezi ndimaganiza za alangizi athu a zaumoyo, amene amafika kale pansi pa mtengo wa mango ndi sikelo ya ana. Akanakhala kuti aliyense ali ndi makina oyezera BP ogwira ntchito, mayi wobwera ndi mwana akanayezedwa, agogo operekeza akanayezedwanso. Ili ndi pempho langa kwa amene amagawa ndalama za zaumoyo.

Kwa inu amene munapatsidwa kale mankhwala: musamasiye chifukwa mwamva bwino. Mwamva bwino chifukwa cha mankhwalawo. Ndipo adyo, mandimu kapena madzi a masamba amene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp sangalowe m'malo mwa mapiritsi. Mchere nawo, WHO imati usapitirire magalamu asanu pa tsiku, yomwe ndi sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuphatikiza wa mu ndiwo, wa mu nsomba zouma ndi wa pa chimanga chootcha. Chizolowezi chowaza mchere pa ndiwo musanalawe n'komwe, chimenecho chithe.

Shuga, kunenepa kwambiri, mafuta oipa m'magazi ndi fodya zimawononga mitsempha yomweyi, choncho sindichedwapo. Wosuta akasiya, ngakhale ali ndi zaka 60, chiopsezo chake chimayamba kutsika.

[Nyimbo pang'ono]

Tsopano tilowe m'khitchini. Kanyumba kakang'ono kuseri, chitseko chimodzi, zenera palibe. Mafuwa atatu, nkhuni zosauma bwino chifukwa ndi nthawi ya dzinja. Mayi agwada, auzira moto, maso ali gwe misozi, akutsokomola, mwana ali kumbuyo. Yang'anani kudenga: udzu ndi mitengo zonse zili bii ndi mwaye. Mayi ameneyu wakhala akupuma mpweya womwe unadetsa dengalo, kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyambira ali ndi zaka 10.

Mu utsi muli tinthu tosaoneka ndi maso timene timadutsa m'mapapo n'kulowa m'magazi. Timatupitsa mitsempha, timakweza BP, ndipo tina timafika ku ubongo. Ku Ontario m'dziko la Canada, kafukufuku wa mu 2017 amene anaona anthu mamiliyoni anapeza kuti okhala pamtunda wosakwana mamita 50 kuchokera kumsewu waukulu anali ndi chiopsezo chokwererapo ndi 7 pa 100 poyerekeza ndi okhala kutali. Umenewo ndi utsi wa galimoto, wa panja. Ku China ndi ku India apezanso kuti okalamba ophikira nkhuni ndi malasha amakumbukira movutikira poyerekeza ndi ophikira magetsi kapena gasi. Kwathu kuno mabanja oposa 90 mwa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo wokhala pamoto ndi mayi.

Ndikudziwa kuti kuuza mayi wa kumudzi kuti agule gasi ndi kumunyoza. Koma pali zotheka lero lomwe. Kukacha bwino, phikirani panja. Abambo, boolani zenera m'khitchinimo, mbali ziwiri, kuti mphepo izidutsa. Sungani nkhuni pouma. Mbaula zadothi zija za chitetezo zimadya nkhuni zochepa, ndiye utsinso umachepako, ngakhale suthera. Ndipo tileke kuyatsira moto mapepala a pulasitiki ndi kutentha matayala ndi zinyalala pafupi ndi nyumba.

Chimene chimadabwitsa anthu ambiri ndi makutu. Pa zinthu 14 zija, kusamva bwino kuli m'gulu la zikuluzikulu. Chifukwa chake n'chomveka. Bambo akayamba kugontha, poyamba amafunsa kuti "Mwati chiyani?" Anthu amabwereza, kenako amatopa. Pabwalo anzawo akaseka, iwo amangomwetulira osadziwa chasekedwa. Kutchalitchi kapena kumzikiti samva ulaliki, ndiye amayamba kujomba. Pamapeto pake amangokhala pakhonde okha, tsiku lonse osayankhula ndi munthu. Ubongo wosalandira mawu ndi nkhani umafooka. Ku America, kafukufuku wotsogozedwa ndi Frank Lin wa ku Johns Hopkins anaonetsa mu 2023 kuti mwa okalamba amene anali kale pachiopsezo chachikulu, zipangizo zothandiza kumva zinachepetsa kufooka kwa nzeru ndi pafupifupi theka pa zaka zitatu. Nthawi zina vuto limakhala laling'ono, phula lotseka khutu basi, limene achipatala amachotsa tsiku lomwelo. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli chipatala cha makutu, ku Lilongwe kulinso cha ku African Bible College. Inu anyamata a pachigayo, owotcherera zitsulo, ndi inu oyenda ndi timawaya m'makutu nyimbo zili pamwamba, khutu likawonongeka ndi phokoso silibwerera. Mwana wotuluka mafinya m'khutu asamangopukutidwa ndi kansalu, apite kuchipatala.

Maso ndi chimodzimodzi. Ng'ala imachotsedwa, opaleshoni yake ndi yaifupi, ndipo amachita ku zipatala za maso za Lions ku Blantyre ndi ku Lilongwe komanso ku Nkhoma. Gogo wokhala mumdima zaka zisanu chifukwa cha ng'ala amatayanso anzake, msika ndi dimba.

Apa ndiye pamene tili ndi chuma chimene mayiko olemera akuchisowa. Bawo pansi pa mtengo, kwaya, mvano, banki m'khonde, kusenda mtedza pamodzi, nthano kwa adzukulu. Zonsezi ndi ntchito ya ubongo. Ku Finland, gulu la Miia Kivipelto linatenga okalamba 1,260 n'kuthandiza theka lawo kudya bwino, kulimbitsa thupi, kuchita zogwiritsa ntchito mutu ndi kuyezetsa BP kwa zaka ziwiri. Mu 2015 linalengeza kuti theka limeneli linasunga nzeru bwino kuposa linzake. Iwo anachita kukonza ndondomeko. Ife tili nazo pakhomo, koma tikuzitaya. Tikatenga amayi kumudzi kuti adzapume m'tauni, timawatsekera kumpanda, ana ali kusukulu, ife kuntchito, iwo ndi kanema wolankhula Chingerezi. Timati tawasamala. Apatseni kadimba kuseri, apezereni anzawo opemphera nawo, aloleni asankhe nyemba ndi kukazinga nsinjiro. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, tsono tiziwabweretsera nkhani zoti aweruze. Ndipo wokalamba wongokhala ndwii, wosafuna kudya, wolira payekha, mwina ali ndi matenda a kukhumudwa, amene amachizika.

[Nyimbo pang'ono]

Okonda mpira, mverani iyi. Mwa osewera a England amene anatenga chikho cha dziko lonse mu 1966, asanu anadzadwala dementia: Ray Wilson, Martin Peters, Nobby Stiles, ndi abale awiri, Jack ndi Bobby Charlton. Mu 2019, gulu la Willie Stewart ku yunivesite ya Glasgow litaona mbiri ya osewera akale oposa 7,000 a ku Scotland, linapeza kuti chiopsezo chawo chomwalira ndi matenda ofoola ubongo chinali chokwera katatu ndi theka kuposa cha amuna ena. Chaka chotsatira, mabungwe a mpira ku Scotland ndi England analetsa kuphunzitsa ana a kupulayimale kugunda mpira ndi mutu. Ngati mpira ungachite zimenezi, nanga phula la msewu? Tsiku lililonse timaona njinga yamoto itanyamula anthu atatu, wopanda chisoti ndi mmodzi yemwe, kapena woyendetsa wachikoleka pachigongono. Wogwa akadzuka n'kudzisasa fumbi timati wapulumuka, koma ubongo wagwedezeka, ndipo kuvulala kwa mutu kumaonjezera chiopsezo ngakhale patapita zaka zambiri. Mwamuna womenyetsa mutu wa mkazi wake kukhoma, kholo logogoda mwana m'mutu, nawonso amve.

Sukulu nayo ili pamndandanda. Munthu amene anaphunzira ali mwana, ndipo akupitiriza kuwerenga, kuwerengera ndi kuphunzira zatsopano, ubongo wake umakhala ngati nkhokwe yodzaza: anankafumbwe akalowa, banja limadyabe mpaka kukolola. Matenda akhoza kuyamba mkati, koma zizindikiro zimachedwa. Agogo aakazi ambiri amene tili nawo lero anakula sukulu yaulere ya mu 1994 isanabwere, ndipo ambiri sanapondeko m'kalasi. Mtsikana amene tikumuchotsa mu Sitandade 6 kuti akwatiwe tikumulanda zambiri, kuphatikizapo chitetezo cha ukalamba wake. Kwa amene mwakula kale, sukulu ya kwacha sinathe ntchito.

Mowa wambiri, makamaka kachasu womwa pamimba yopanda kanthu, umawononga ubongo mwachindunji, ndipo kuiwala kwake kumayamba munthu asanakalambe. Pa chakudya, tili ndi phunziro la kwathu konkuno. Mu 1990, anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala ku Malawi anadwala pellagra mtedza utasiya kufika m'chakudya chawo. Matendawa amasupula khungu pamene pamawomba dzuwa, amatsegula m'mimba, ndipo akakula amasokoneza mutu. Nsima payokha sikwana. Nsinjiro, nyemba, usipa, bonongwe ndi nkhwani si ndiwo za osauka, ndipo mgaiwa umaposa ufa woyera.

Izi zikutifikitsa pa mfundo yofunika: pali kusokonezeka kwa mutu kumene kumachizika. Kusowa mavitamini, vuto la chithokomiro, chindoko chokhalitsa, HIV yosalandira mankhwala, ngakhale matenda a m'chikhodzodzo mwa wokalamba, zonsezi zimatha kuoneka ngati dementia. Ndiye agogo akayamba kusintha, musamangoti ndi ukalamba. Pitani nawo kuchipatala, ndipo wopita nawoyo akhale amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, woti afotokoze zimene waona.

Ndinene momveka kuti pasakhale woloza mnzake chala. Alipo anthu osasuta, osamwa, ophunzira, a BP yabwino, amene amadwalabe. Zaka ndi chibadwa palibe angazisinthe. Wodwala sanalakwe, ndipo ana ake sanalakwe.

Komanso si mfiti. Gogo uja wapezeka mbandakucha pakhomo pa eni ake, nsalu itagwa, akulankhula zosamveka, sanagwe m'ndege ya ufiti. Wasochera. Mukamuzungulira n'kumufunsa mwaukali ngati ndi amene anapha mwana wa uje, akhoza kuvomera, chifukwa sakumvetsa funsolo ndipo ali ndi mantha. Ambiri tikukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atawombedwa ndi mphezi. Kumene okalamba amaphedwa chonchi, wodwala woiwala ndiye amakhala pangozi kuposa onse, chifukwa sangathe kudziikira kumbuyo. Lamulo la dziko lino, limene lakhalapo kuyambira 1911, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mafumu, abusa, mashehe ndi a komiti ya chitetezo, mukapeza wokalamba wosochera, mufunditseni, mumupatse madzi, mufufuze kwawo.

Nthawi yathu yatha. Inu amene mwakwanitsa zaka 40 ndipo simukudziwa nambala za BP yanu, pitani kuchipatala chapafupi sabata ino mukayezetse, ndipo mutenge amayi, abambo kapena apongozi anu akayezedwenso. Nambalazo azilembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo mufunse tsiku lobwereranso.

[Nyimbo yotsekera]